Kheni ya Ababa pa Laputopu

Lachinayi, Okutobala

Lero kwatentha kwambiri, koma mtima wanga wapepukako. Amayi analawirira kukalembetsa makuponi a feteleza, ndiye ndinatsala ndi ababa. Chitulukireni m'chipatala dzanja lawo lamanja silikugwirabe. Amangokhala duu pakhonde, kuyang'ana malata amene ankakhomera makheni. Alimi a fodya akabwera kudzafunsa makheni othirira nazale, iwo amangopukusa mutu.

Ndinakhala pambali pawo ndi laputopu, n'kumachita ntchito ya kukoleji. Ndinajambula kamzere kozungulira, kenako ndinakakokera m'mwamba mpaka kanasanduka chitini. Ndinamva mpando wawo ukusendera.

"Tachitembenuza," anatero.

Ndinachitembenuza, anasuzumira mkati mwake. Ndinaikapo mlomo ndi chogwirira kuti chikhale kheni. Anaseka ndi mbali imodzi yokha ya pakamwa.

"Mlomowo waufupikitsa, mwana wanga. Ukadzaza madzi, azitayika usanafike pa nazale."

"Ufike pati, ababa?"

Anaika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa langa, n'kumalikankha pang'onopang'ono mpaka mlomo unalingana ndi pakamwa pa kheni. Dzanjalo sanalichotse. Batire itatha anandituma kukatenga makatoni awo oyezera podula malata, amene chidwalireni sanalole aliyense kuwakhudza.

Akuti mawa tipange ndowa, mkuja mbaula. Sindinawauzebe kuti Lamlungu ndikubwerera kukoleji, ndipo laputopuyi ndiyenera kupita nayo. Mwina ndiyambe ndauza amayi, kapena...