Katope wotsiriza ku msitu wa kumtsinje

Lachiwiri, 3 Novembala 1936

Njerwa za tchalitchi zauma. Chatsala n'kuotcha mvula isanagwe. Msitu wa kumtsinje tautha ndi kudula nkhuni, watsala mtengo umodzi waukulu wa katope.

Lachinayi, 5 Novembala

Gideoni, wodula mitengo wathu wochokera ku Mulanje, anaika nkhwangwa pansi n'kundiitana. M'mphako ya katope muli madzi, ndi tiachule tiwiri tobiriwira, maso agolide, zala zomata pakhungwa. Akuti otere anawaonapo kuphiri kwao kokha, m'nkhalango ya nkhungu. Kuno sanawaonepo kwina.

"Aphunzitsi, m'mitengo ina ija analimonso. Ndimangokhala chete."

Mitengo khumi ndi umodzi. Ndinailoza ndine kuti idulidwe, ndi chala changa.

Loweruka, 7 Novembala

Ndakalapa kwa Bambo Mfumu ku Namitete. Anandifunsa kawiri ngati ndati achule. Kenaka: "Si tchimo limenelo, mwana wanga. Palinso china?" Ndinati palibe. Uvuni wa njerwa auyatse Lachitatu, atero, nkhuni zikwane.

Ndabwerako wopanda chilango, koma mtima sunapepuke. Kuseminale anatiphunzitsa kuti Nowa anasunga nyama ziwiriziwiri. Kodi ndine wonyada, kufuna kuposa wansembe? Ambuye, ndichitireni chisoni.

Lolemba, 9 Novembala

Ndayeza nkhuni. Popanda katope sizikwana, njerwa zituluka zosapsa. Akhristu anaumba miyezi itatu.

Ndinauza Zelifa, mkazi wanga, zoti tigwetse chigafa chathu cha fodya, mitengo yake ipite ku uvuni. Iye anati:

"Fodya wa chaka chino tidzamuyanika pamsana pa achule anuwo, eti?"

Akunena zoona.

Lachiwiri, 10 Novembala

Chigafa tagwetsa. Zelifa ananyamula nawo nsichi.

Lachitatu, 11 Novembala

Uvuni wayaka. Bambo Mfumu ayamikira nkhuni zouma bwino, sanafunse kumene zachokera, inenso sindinanene. Ichi ndiye ndidzalapa.

Masana kunachita mitambo. Ndinapita pa katope ndi Gideoni. Katopeyo wayima yekha pakati pa zitsa, masiku ano dzuwa limalowa mpaka m'mphako, madzi atsala pang'ono. Tinapezamo kachule kamodzi. Tinafuna kanzake m'nthambi, pansi, m'masamba. Ayi.

Kotsalako kanalira katatu, n'kumadikira pakati. Gideoni anavula chipewa, n'kutsika nacho kumtsinje kukatunga madzi oti athire m'mphakomo.