Malovu a Amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga Amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Kuno mlamu wanu ndi ana ali bwino. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiye wandithera. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa mukanamva mawu anga akunjenjemera, Amayi ali pambali panupo n'kuyamba kufunsa.

Nkhani ndi ya mzime wathu, Tsabola. Chichokereni m'nyumba muno m'mawa uja kupita ku ntchito yake yowotcherera zitsulo, mukudziwa mmene ndayendera. Kupolisi, m'zipatala, kwa anzake, konseko zii. Tsopano ndamva kanthu, koma kabwera m'njira yoti inu simungaiganize.

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa sayansi ndinakonzera ana a kalasi yomaliza mlandu wongoyerekeza, kuti aone mmene akatswiri amapezera wopalamula. Tinapakira nsanza mu ovolosi n'kuigoneka pansi mu labu ngati munthu wophedwa. Pambali pake tinadonthezapo utoto wofiira, n'kusiya kapu patebulo ndi tsitsi pang'ono pampando. Oganiziridwa anali aphunzitsi a masamu, mayi wophika ndi a hedi enieniwo.

Ana anasangalala ngati tawapatsa tchuthi. Anawaza fumbi la makala pakapu n'kumanyamula zidindo za zala ndi selotepi. Ankayenda manja kumbuyo ngati apolisi, ena n'kumati aphunzitsi a masamu angomangidwa basi, umboni upezeka pambuyo, poti anapha kale anthu ambiri ndi mayeso. Ndinaseka nawo, Achemwali, osadziwa kuti masewerawo akulunjika pakhomo panga.

Kenaka tinafika pa DNA. Kameneka ndi kachizindikiro kamene kali m'magazi, m'malovu ndi m'mafupa, ndipo munthu amakatenga theka kwa mayi ake, theka kwa bambo ake. Ana anachukucha madzi amchere m'kamwa, n'kulavulira m'timabotolo, kuthiramo sopo ndi sipiliti wozizira, mpaka timaulusi toyera tinayamba kuyandama. Tsiku limenelo ndinaitana mayi wina, kholo la mwana wa m'kalasimo, amene amagwira ntchito ku labu ya apolisi, kuti awafotokozere bwino.

Mtsikana wina anafunsa chimene amachita akapeza munthu wakufa wopanda chiphaso, nkhope yosadziwika. Mayiyo sanabise. Anati otere ndi ambiri. Amasungidwa kwa kanthawi, ndipo abale akapanda kubwera amaikidwa m'manda opanda dzina. Koma amasungako kachidutswa ka fupa, kuti wachibale akadzatulukira tsiku lina adzayerekeze.

Ndinayang'ana ovolosi ili pansi ija. Zimenezi ndaziphunzitsa zaka zonsezi, koma sindinafune kuziyandikiza kwa Tsabola. Ine ndinkamufuna pakati pa amoyo.

Belu litalira ndinawatsatira mayi aja kunja n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti ndikawapeze kuntchito kwawo. Nditapita anandikhazika m'kachipinda kozizira konunkha mankhwala. Anati mwa anthu amene anaikidwa opanda dzina muli mnyamata amene anapezeka m'ngalande kuseri kwa mafakitale, mwezi womwewo umene Tsabola anasowa. Nkhope madzi anali ataiwononga. Koma m'mikono mwake munali timabala takale ta moto, ndipo dzino limodzi lakutsogolo linali lobenthuka. Achemwali, tsiku limene anagwa panjinga n'kubenthula dzino lija, munamutola ndinu.

Anandipaka kamtengo ka thonje mkati mwa tsaya n'kunditumiza kunyumba kukadikira. Zotsatira zatuluka sabata yathayi. Akuti chibale chikuoneka ndithu, koma ndi malovu a mkulu wake okha sangalumbire kuti ndi iyeyo. Amene angathetse kukayika ndi kholo. Bambo anatisiya, ndiye atsala Amayi. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiwola. Ine mwambi umenewu ndinkaukonda, koma lero ukundiopsa.

Kusukulu ana anauthetsa mlandu wawo. Wopalamula anali a hedi, ndipo anawamanga ndi chingwe n'kuwazungulitsa bwalo lonse, mluzu ndi nthungululu zili mbwee. A hedi akondwa kwambiri, akuti tizichita teremu iliyonse ndipo tidzaitanenso makolo. Ndangovomera. Ovolosi ija ili m'chipinda chosungiramo zipangizo, ndipo ine ndimalowamo nditayang'ana kumbali.

Kunyumba kuno nakonso sikuli bwino. Matiresi a Tsabola akadali pakona pomwe paja, nsapato zake zili pansi pa mpando. Mwana wamng'onoyu amavala chigoba cha Tsabola chophimba kumaso powotcherera chija n'kumathamanga nacho, akuti akusungira amalume... ndimalephera n'komwe kumukonza kuti ndi bambo ake aang'ono. Dzana mlamu wanu anandifunsa mwaulemu ngati angalongedze katunduyo m'chikwama, ine n'kumukalipira ngati wandilakwira. Analira, inenso ndinachita manyazi. Chakudya ndikungogwiragwira. M'kalasi choko chimandithera m'manja ndisanalembe kanthu.

Tsono pempho langa ndi ili. Mu envelopu yaing'ono imene ndaika m'kalatamu muli timitengo tiwiri ta thonje. Musatitsegule kunyumba. Muwatenge Amayi mupite nawo kwa anamwino a pachipatala chaching'ono chija, iwo akawapake mkati mwa tsaya, akatiumitse n'kumata. Amene wakubweretserani kalatayi ndi mnansi wanga wodalirika, ndipo pobwerera adzadutsanso kwanuko kuti adzatenge.

Kupakako si ntchito. Ntchito ndi kuwauza Amayi. Nthawi zonse ndikaimba amandiuza kuti Tsabola anapeza mkazi kwinakwake ndipo akuchita manyazi, kuti akangotopa abwera yekha. Ndikudziwa kuti mpaka lero amakupemphani muyimbe nambala yake ija. Ndinaganizapo zoti muwanamize kuti akuyezedwa matenda, koma ayi. Mwanayo ndi wawo, ndipo sitingawabere malovu m'kamwa ngati akuba. Muwauze zoona, pang'onopang'ono, azakhali ali pompo. Akakana, musawakakamize. Tikhala choncho osadziwa, monga takhalira.

Pondipatsa timitengoti mayi aja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musabwere nato ngati simunakonzeke kumva yankho." Ine sindinakonzeke, Achemwali. Zikagwirizana ndiye kuti mng'ono wanga anagona m'ngalande, ine ndikumufunafuna m'misewu ya pamwamba pake. Zikapanda kugwirizana ndiye kuti ndiyambirenso kuyang'ana nkhope ya mnyamata aliyense m'basi. Sindikudziwa kuti ndipempherere chiti.

Pepani kuti katundu wolemerayu ndakusenzetsani inu. Ndinu wamkulu, ndipo Amayi amamva mawu anu kuposa anga.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana nonse kumeneko. Amayi muwauze kuti ndimawakumbuka tsiku lililonse. Alamu muwauze zonsezi, koma chonde, ngakhale ali kalipentala wa banja lathu, asayambe kusankha matabwa mpaka nditalembanso.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Mphunzitsi