Zimene ndapeza m'sipika ya a Gondwe

Lachinayi, Juni. Nkhungu tsiku lonse, kuzizira kolowa m'mafupa.

...ndiye a Gondwe, oyendetsa takisi a ku Ching'ambo, akuti, "Dada, ana a yunivesite andiboolera sipika ya kumbuyo ndi nsapato. Sinthani kachipewa ka pakatipo kokha, musasuzumire mkati." Ine kuseka. "A Gondwe, masipika amene ndakonza ine atha kudzaza dera lonse la Katawa. Mwabisamo mkazi wachiwiri kodi?" Sanaseke. Angothokoza kuti yewo, n'kumapita.

Koma kachipewa sungakachotse utatsinzina. Nditakadula ndi lezala, ndapeza kansalu kakuda kosokedwa bwinobwino, tsitsi likutuluka m'mbali. Zotsirika galimoto timazidziwa, koma m'sipika? Kansaluko ndakaponya m'ngalande uku ndikuimba mluzu. Ndapala guluu wakale, kumata kachipewa katsopano, n'kutsindika ndi kapu kuti kagwire. Ntchito yake, ngakhale a ku fakitale angandipemphe maphunziro.

Masana magetsi anali atathima, waya ndisanalumikize, sipika ija yangoyamba kupuma. Kukwera, kutsika, pang'onopang'ono ngati chifuwa cha munthu wogona. Kapu yagwa yokha.

A Gondwe abwera mawa m'mamawa. Ali ndi anthu oti awadutsitse ku Chikangawa m'nkhungu imeneyi, ndipo a Gondwewo akudziwa kuti chowateteza chilimo m'sipikamo. Ndiwauze, kapena ndimatule ndibwezeremo mwakachetechete?

Za m'ngalande zija ndanama. Dzanja linakana kutaya. Kansaluko kali m'thumba la ovolosi imene ndapachika pachitsekopa, ndipo thumbalo nalo layamba...