Tsiku Limene Damu Linayera

Wakaw, 14 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Lesia,

Ndikhulupirira uli bwino ku Halifax, pamodzi ndi alamu anga a Gord ndi ana. Chifuwa cha mwana wako Nadia chinatha? Kuno tilipo, kutopa kokha. Bambo bondo lija likuwavutabe.

Dimba lapita, mlongo wanga. Letesi wapinimbira, nyemba zachita chikasu, nkhaka ukazula mizu yake ndi yofiirira, yaifupi ngati ndevu zongometa. Masabata atatu tsopano osapita kumsika wa Loweruka.

Bambo akuti vuto ndi iwowo. Akuti manja akalamba, nthaka yawakana, ndiye angofesa udzu pa dimba lonse la malemu Mayi. A Wasyl, aneba athu aja, anawaseka kuti mwina akuthirira ndi mowa wofulula okha uja. Bambo sanaseke n'komwe.

Lesia, wolakwa ndine.

Ukukumbukira mwala wabuluu wopha ndere uja Bambo amauika m'thumba n'kumaukoka m'damu lathu lothirira dimba chisanu chikangotha, ndere zisanamere? Chaka chino anandisiyira ntchitoyo chifukwa cha bondo. Ndinazengereza mpaka Julaye, madzi atabiriwira ngati penti. Ndinakoka thumbalo, ndipo patapita masiku awiri damu linayera mbee. Bambo anandigwira paphewa, amvekere sukulu yanga ija yayamba kubala. Tsiku lomwelo ndinatsegula pampu n'kuthirira dimba.

Ndere zimenezi zikafa zimaphulika, poizoni wake n'kumwazikira m'madzi. Madzi amaoneka abwino pamene aipiratu. Izi ndinaziphunzira ku yunivesite, mayeso ake ndinakhoza. Zinandibwerera m'mutu, koma ndinadziuza kuti mwina ndikukokomeza monga mwa masiku onse. Komanso dzanja la Bambo linali lidakali paphewa panga.

Ndinatumiza madzi ndi masamba kukapimitsa mwakachetechete. Yankho linabwera: poizoniyo walowa mpaka m'masamba a letesi. Kalatayo yatha sabata m'thumba la jekete. Letesi amene Bambo amathyola ndimataya, n'kumanama kuti ali ndi mbozi, ndipo iwo amangoyang'ana manja awo.

Mbewu ya udzu akagula mwezi ukatha. Chonde, Lamlungu lomaliza la mwezi uno, tikaweruka kutchalitchi, udzaimbe foni. Ukundidziwa, ndidzayamba za nyengo. Udzandidule pakamwa, ungonena kuti damu, ndipo usadule foni mpaka nditamaliza kuwaululira Bambo.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu, ana uwauze kuti amalume awo akuwasowa.

Ndine mchimwene wako,
Myron