Kapu Yanu Yobiriwira kwa Mayi Esha

Senga Bay, Salima
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Lameck,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kalatayi ndapatsira a Pemphero oyendetsa galimoto ya katundu, chifukwa mauthenga a pa foni mumangowawerenga osayankha, ndipo ine zanditopetsa.

Ndili pa holide. Mayeso ndinalemba bwino, musade nkhawa. Anzanga a ku koleji apita ku Lilongwe kukazungulira m'mashopu akuluakulu, koma ine Salima yanga yomweyi imandikwana. M'mawa ndimathandiza amayi kuyanika usipa, kenako ndimakwera minibasi kupita ku tauni.

Kumeneko atsegula malo atsopano omwera khofi. Khofi wake ndi wa ku Mzuzu, amamupera inu mukuona, ndipo fungo lake limakulonjerani muli panja. Ali ndi intaneti yaulere, ndiye ndimakhala pamenepo ndi kapu imodzi yokha mpaka mtsikana wa pakauntala ayambe kundiyang'ana cham'mbali. Amayi ndinawalawitsa tsiku lina, akuti ndikumwa mankhwala a malungo ndisakudwala. Ndikachoka apo ndimayendera m'masitolo, kugwiragwira zinthu osagula.

Loweruka ndinalowa m'sitolo ya nsalu ya a Enifa. Asanandipatse n'komwe moni anati, "Wabwerera ya yunifomu? Tenga msanga, anthu akulimbirana."

"Yunifomu ya chiyani?"

"Ya ndowa ya Karima, mwezi wamawa. Akukwatiwa ndi Abdallah wokonza mainjini a maboti uja. Iwe sunamve?"

Ndinaseka ngati ndimadziwa kale, n'kugula ulusi womwe ndinalibe nawo ntchito. Achimwene, Karima yemweyu munatiuza tonse kuti ndi mlamu wathu.

Ndinapita molunjika ku thiiramu ya amayi ake, a Esha. Mukudziwa kuti pamenepo kasitomala wa tsiku ndi tsiku amakhala ndi kapu yakeyake pa msomali, ndipo saichotsa pokhapokha mwini wake atamwalira kapena atasamukiratu. Yanu yobiriwira ija ndinaipeza pomwepo, yotsukidwa bwino. Pambali pake akhomapo msomali wina, pali ya Abdallah.

A Esha anandithirira tiyi wamkaka, n'kundiikira zitumbuwa ziwiri ndisanapemphe.

"Mwana wanga, ife sitinamuthamangitse mchimwene wako," anatero. "Amalume ake a Karima anafunsa kuti wa ku Joniyo akuti chiyani. Tikanawayankha chiyani? Abdallah ndi munthu wabwino. Inshallah, Lameck adzapeza wina."

Sindinatsutse. Abdallah ndi wabwinodi, ndipo izi ndi zomwe zikundipweteka kwambiri.

Ndikutuluka, Karima ananditsatira kuseri komwe amatsukira mbale. Waonda. Sanalire, anangoti, "Amayi akufuna kuichotsa kapu ija, ndikuwakaniza ndine. Achimwene ako akanangonena liwu limodzi, ngakhale loti zinthu sizikuyenda, ndikanawauza amalume kuti adikire."

Ndiye ndikufunseni. Ngati ntchito inatha ndipo mukuchita manyazi, dziwani kuti Karima sanafunse za ndalama. Ngati mwapeza wina kumeneko, nenani, mwana wa eni akwatiwe ndi mtima umodzi. Koma kukhala chete kumeneku ndi nkhanza, ndipo ndakwiya nanu. Mundikhululukire polankhula chonchi kwa akulu anga.

Amayi akupereka moni, akuti mwendo uja ukupezako bwino. Atate akuti ukonde munasiya uja akugwiritsabe ntchito. A Esha nawonso akupereka moni, popanda chakukhosi. Karima ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake. Manja ali m'madzi a sopo, anati, "Moni ayi. Ungowauza kuti nambala yanga sinasinthe."

Ndine mlongo wanu,
Tionenji