Lamba Wakuda wa Lulu

Lolemba, 3 June 2024
Mwana wanga Lulu wandigwetsa makutu ndi karate yakeyi. Chiyambireni kuionera pa foni ya atate ake, mapilo onse m'nyumba muno aphwa ndi zibakera. Mwana wa zaka 11! Amuna anga, Bashi Lulu, akuti, "Kayang'ane mitengo, koma usatigulitse nyumba."

Lachitatu, 5 June
Ndapita kukaona sukulu ya karate ya m'tawuni. Iyee, kukongola! Magalasi khoma lonse, pansi pofewa. Koma K450 pamwezi, yunifomu kugula kwa iwo okha, kuonjezera minibasi kupita ndi kubwera. Ine amene ndimasoka madiresi a ana asukulu pakhonde kuno ku Kabushi? Ndangoti zikomo, n'kutuluka mwaulemu ngati ndibweranso.

Loweruka, 8 June
Ba Georgina ogulitsa tomato andilozera ina, muholo ya tchalitchi, poyenda pansi. K150. Simenti yokhayokha, zenera limodzi losweka. Mphunzitsi wake ba Wesley, wamfupi, woseka, koma akangoomba m'manja ana onse zii. Ndawakonda. Akuti yunifomu ndikhoza kusoka ndekha. Basi, tasankha! Lulu wavina njira yonse.

Lachinayi, 13 June
Yunifomu yatha, yoyera mbee. Koma lamba woyera ngati uja ndinaona pa ana ena, ndi fumbi la June lino? Awe. Sopo wakwera. Ndamusokera wakuda, nsalu yolimba yotsala pa mathalauza a kasitomala. Ndadzitama ndekha kuti ndine wanzeru.

Loweruka, 15 June
Mayo ine, manyazi a lero!

Tangolowa muholo, ana onse atembenuka. Kamnyamata kena kawerama mpaka pansi, kakuti, "Takulandirani, bamasta!" Holo yonse kuseka. Kani lamba wakuda ndi wa akatswiri, munthu amamuvutikira zaka ndi zaka. Muholo monse anali naye ba Wesley okha, ndi mwana wanga amene sanaponyepo mwendo.

Lulu maso ali kukhomo. Ndinadziwa kuti akatuluka sabwereranso, ndipo ya m'tawuni ija sitingaikwanitse.

Ba Wesley anaomba m'manja. Anamasula lamba uja bwinobwino, n'kumupachika pamsomali pamwamba pa bolodi. Anamubwereka woyera wakale, wothimbirira. "Uyo ndi wako," akutero, akuloza wakuda uja. "Anakusokera ndi amayi ako. Tsiku lomutsitsa ndidzakuuza ine."

Lulu anakhala, sanatuluke. Anagwa kawiri pasimenti paja, kudzuka akuseka. Bashi Lulu atamva aseka mpaka kutsamwa tiyi.

Lamulungu, 16 June
Pochokera kutchalitchi ndati mawa ndikatenge lamba uja, nsalu yabwino isangolendewera, ndingasokere thumba la kabudula.

Lulu waima pakati pa msewu, manja m'chiuno.

"Amayi, musayerekeze. Ndidzamutsitsa ndekha."