Keke ya Nsatsi

LACHIWIRI

Vivian 08:47
ndiye ma week awiri kabotolo kamodzi aTine?? sisi wanga weniweni kundichita chonchi?

Vivian 08:48
ma customer pa saluni afunsa mafuta a nsatsi daily. ndiziti chani, ati akali kusinja ku Zemba?

Tinenenji 09:30
[mawu, 0:41] Iwe Vivian, nsatsi si chimanga choti ungothamanga nacho ku chigayo. Uthyole, uyanike, zituluke m'makoko, ukazinge, usinje, ndiye uwiritse tsiku lonse uku ukuyengula mafuta pamwamba. Thonje nalo lili mbuu m'munda kudikira ine ndemwe. Manja ndi awiri omwewa.

Vivian 09:33
41 seconds kundiuza zosinja. bundle yanga mayo

Vivian 09:34
komanso amanunkha utsi. dzulo madam wina wa ku council nditamudzoza kumutu anati ndamusandutsa mbewa yowamba

Tinenenji 09:51
nanga tsitsi lake la pamphumi lija linathothoka ndi ma wigi ako, lamera kapena silinamere

Vivian 09:52
lamera. koma point si imeneyo

Vivian 09:55
anyway musavutikenso. ndagula nsatsi thumba lonse kwa mayi wina wa ku Pembamoyo. mnzanga Fainesi ali ndi ka machine koyengera sunflower, Friday tiyenga tekha

Tinenenji 10:20
nsatsi m'makina a mafuta odya? ine ndili ndi mtondo wakewake ndi mphika wakewake, iwe ukuyesa ndilibe zochita

Vivian 10:21
titsuka ndi sopo sisi. kuli chinthu chotchedwa sopo kuno ku boma

Tinenenji 10:26
iwe unapita ku Chipata kwa amalume uli ndi zaka zisanu. nsatsi unazidziwira pa foni

Vivian 10:27
ndipo pa foni pomwepo ndipamene anthu azigula. Vee Naturals, cold pressed, label ndapanga kale

Vivian 10:30
mudziwa kuti amayi ake a Oliver amati ndine wa zikhadabo zopenta, sindingagwire musi? Sunday amalume apita kumeneko kukakamba date ya ukwati wathu. ndifuna akamve kuti mpongozi wao ali ndi company

Tinenenji 10:44
company ya mabotolo a mayonezi

Vivian 10:44
nsanje

LACHISANU

Vivian 11:05
[chithunzi: mabotolo khumi ndi awiri pa tebulo la mu saluni]

Vivian 11:05
2 hrs chabe. onani kuyera kwake, osati phala lanu lakuda lija

Vivian 11:07
no utsi no thukuta no matuza. mtondo wanu muziikamo maluwa

Vivian 11:40
ndipo machine imatulutsanso keke ngati ya sunflower ija anthu amapatsa ziweto. ndowa ziwiri full

Vivian 11:42
ndatumiza pa njinga yamoto kwa amayi ake a Oliver, apatse nkhumba zao zitatu zija asungira phwando la ukwati wathu. zinenepe. aone kuti zikhadabo zopenta zimaganizanso za khola

Vivian 12:30
awuza wa njinga kuti zikomo kwambiri, ati sanayembekezere. mwamva? ZIKOMO KWAMBIRI. chaka chonse mau amenewa sanatulukepo mkamwa mwao

Vivian 14:10
mwakhala chete bwanji a professor a nsatsi

Tinenenji 16:52
[kuimba kosayankhidwa]

Tinenenji 16:53
[kuimba kosayankhidwa]

Tinenenji 16:55
yankha foni

Tinenenji 16:58
[mawu, 0:33] Vivian, ndinali ku thonje, foni inali pa chaji kwa aneba. Zimene watumizazo si chakudya. Zotsalira za nsatsi zimapha, ine zanga ndimakwirira m'dzenje kuti ngakhale nkhuku isapalase. Imbira Oliver pompano auze amayi ake asapereke ku nkhumba. Kapena unditumizire nambala yao ndiimbe ndekha.

Vivian 17:20
ndili ndi customer ndikuluka, voice note yanu ndimvera later. ngati ndi congrats lembani chabe

Tinenenji 17:21
keke ya nsatsi ndi POIZONI. nkhumba zifa. nambala ya Oliver

Tinenenji 17:29
Vivian

Tinenenji 17:36
njinga apita nayo alamu ako. ndanyamuka wapansi kupita kwa amayi ake a Oliver

Vivian 18:05
poizoni bwanji poti ndi natural??

Vivian 18:06
mafuta ake timadzola pakhungu daily palibe anafa

Vivian 18:11
Oliver sakuyankha ali mu minibus ya ku Chipata

Vivian 18:12
aTine mukungondiopseza eti. chifukwa cha za mtondo zija

Tinenenji 18:40
ndafika. anapereka masana, anasakaniza ndi gaga. mu chodyera mwatsala mbee

Vivian 18:41
koma zili bwino? zikuyenda?

Tinenenji 18:47
zikuyenda. ndigona konkuno. uuzenso Fainesi wakoyo asayengeremo mafuta odya m'makinamo, sopo wanu uja sindimukhulupirira

LOWERUKA

Vivian 06:02
zadzuka bwanji

Vivian 06:40
sisi pls

Tinenenji 07:15
[mawu, 0:27] Zonse zitatu zikusanza ndi kutsegula m'mimba, ndowe zake zamagazi. Yaikulu mwa izo siikuimanso. Tazimwetsa makala osinja, taitana a zoweta, akuti afika koma tisayembekezere zambiri. Amayi ake a Oliver akhala pa mwala pakhomo pa khola chiyambire m'mawa.

Vivian 07:18
ine ndimafuna chabe kuwasangalatsa

Vivian 07:19
pa video imene ndinaphunzirira pa foni sanakambe za keke. anangoonetsa mafuta

Tinenenji 07:40
ukanafunsa a video akowo abwere adzagwire nkhumba miyendo

Vivian 07:41
si nthawi yake ino

Tinenenji 07:43
Lachiwiri inali nthawi yake. unali busy ndi label

Vivian 09:26
mvetserani. bwanji muwauze kuti keke inachokera kwa inu, ine ndinangotumiza osadziwa. inu ndinu wa nsatsi aliyense adziwa, akukhululukirani msanga

Vivian 09:27
inu muli kale pabanja sisi. ine Sunday ndi mawa

Tinenenji 09:58
ndayenda wapansi mpaka mapazi kutupa, ndagona pa mphasa ya eni, chitenje changa chonse ndowe za nkhumba. tsopano ndisenzenso ufiti wako?

Tinenenji 10:00
zaka khumi ndi zisanu ndikuyenga nsatsi pa Zemba pano sipanafe ngakhale kamwanapiye. ndipo pa ndowa zako unamatapo label. Vee Naturals, ndi nambala yako ya foni pansi pake

Vivian 10:01
mayo ine

Tinenenji 12:34
yaikulu yafa

Tinenenji 14:09
zinazo zatsatira. a zoweta ati nyama yake asadye munthu ngakhale galu. tikukumba dzenje

Vivian 14:30
[uthenga wochokera kwa Oliver] Vee, mum akuti amalume ako asavutike kubwera mawa. nkhumba zija anazilera miyezi 9 chifukwa cha ife. usandiimbire kaye

Vivian 14:31
mwaona??

Vivian 14:31
kaye ndiye kuti chani. mpaka liti

Vivian 14:45
[mawu, 0:22] ATine chonde, inu amakumverani. Auzeni ndibwera ndigwade, ndikolope khola, ndisinje chilichonse afuna, zikhadabo ndadula kale. Asandichotsere Oliver chifukwa cha nkhumba. Ndikuopa sisi, sindinadye chiyambire dzulo.

Tinenenji 16:17
tamaliza kufotsera. anthu anadzaza ngati maliro a munthu, ena ochokera ku tchalitchi kwao. aliyense amafuna kuona ndowa

Vivian 16:18
amayiwo akambapo za ine?

Tinenenji 16:25
kamodzi. anaika khasu pansi nandiyang'ana, ati kodi mtsikana uja ndi mng'ono wanudi, bere limodzi?

Vivian 16:25
munati chani

Vivian 16:31
aTine munawayankha chani

Vivian 16:50
[kuimba kosayankhidwa]

Vivian 17:12
sisi